Penti idikire kaye, tiyambe ndi mphira

Aliyense amene wapeza galimoto yakale yoti aiukitse amayamba ndi kulota penti. Amalota mtundu wake, marimu onyezimira, mipando yatsopano ndi wayilesi yogunda mpaka oyenda pansi acheuke. Sindikuwanena, poti izi n'zimene zimaoneka pachithunzi cha pa Facebook. Koma maganizo anga ndi akuti ndalama zoyamba pantchito yotere zizipita ku tizidutswa titatu ta mphira ndi chitsulo timene amakaniko amati ma mounting. Timakhala pansi, ndi takuda, nthawi zambiri tonona oyilo, ndipo palibe mlendo amene adzakuyamikireni kuti munagula tabwino.

Tchuthi chino takhala tikukonza Nissan 1400 ya amalume, imene yakhala pa njerwa kuseri kwa nyumba kwa zaka zingapo. Pikiapu yamtundu umenewu inayamba mu 1971 ikutchedwa Datsun 1200, kenako inalandira injini ya A14 ya 1397 cc, ndipo fakitale ya ku Rosslyn, pafupi ndi Pretoria, inapitiriza kuipanga mpaka mu 2008. Zaka 37 si masewera. N'chifukwa chake masipeyala ake akupezekabe, atsopano ndi akale omwe, abwino ndi achabechabe omwe. Ntchito ili pa kusankha.

Injini ya pikiapu ngati imeneyi yakhala pa malo atatu, ngati mphika pa mafuwa. Ma mounting awiri ali mbali ndi mbali ya injini, yachitatu ili pansi pa giyabokosi. Iliyonse ndi mphira yomatidwa pakati pa zitsulo ziwiri, china chomangidwa ku injini, china ku tchesisi. Ntchito yake ndi iwiri yotsutsana: kugwira injini kuti isachoke pamalo, komanso kuilola kuti inthunthumire yokha osagwedeza galimoto yonse. Nzeru imeneyi si yadzulo. Mu 1931 kampani ya Chrysler inaika injini ya Plymouth pa mphira n'kutcha njirayo Floating Power, ndipo Citroën ya ku France inagula chilolezo chogwiritsa ntchito njira yomweyo.

Anzanga amene munaphunzirako za kugwedezeka kwa makina mukumbukira masamu ake. Injini ya masilinda anayi imaphulitsa mafuta kawiri pa kuzungulira kulikonse. Ikamalira pamalo amodzi pa liwiro la 800 pa mphindi, ndiye kuti ikugunda pafupifupi ka 27 pa sekondi. Injiniyo, itakhala pa mphira zake, ilinso ndi kayendedwe kakekake, monga mmene katungwe aliri ndi liwiro lake. Mphira imayamba kutchinga kugwedezeka pokhapokha kugunda kwa injini kukaposa kayendedwe kachibadwa kaja ndi ka 1.4. Choncho kayendedweko kayenera kukhala pansi pa 19 pa sekondi, ndipo kakatsika kwambiri ndiye bwino. Mphira ikauma kapena ikakhala yolimba kuposa muyezo, nambala ija imakwera, ndipo kugwedezeka konse kumalowa mu tchesisi, m'chiwongolero ndi m'mano mwanu.

Wina anganene kuti kugwedezeka n'kwa anthu apamwamba, pikiapu ya kumudzi ilibe nazo ntchito. Koma nkhani siithera pa kunjenjemera kwa galasi. Mukaponda mafuta, injini imafuna kupotokera mbali yosiyana ndi kumene ikuzungulira, ndipo pa galimoto zambiri zokoka ndi mateyala akumbuyo mbali yakumanzere ndiyo imanyamuka. Mounting ya mbali imeneyo ikang'ambika, injini imadzuka momasuka. Fani ikhoza kukhudza rediyeta, mapaipi a madzi amakokeka, ekizozi imasweka polumikizira, ndodo ya giya imadumpha m'manja. Mu December 1971 kampani ya General Motors inaitanitsa galimoto za Chevrolet pafupifupi 6.7 miliyoni chifukwa cha vuto lomweli. Mounting ikaduka, injini inkanyamuka n'kukoka zitsulo zotsegulira mafuta, galimoto n'kuthamanga yokha dalaivala asanafune. Kwathu kuno pikiapu siyenda ndi munthu mmodzi. Ya amalume ikadzuka izikanyamula matumba a mbatata kupita kumsika, ndipo pamwamba pa matumbawo pazikhala anthu, ena a iwo abale anga.

Amalume anali ndi ndalama zokwanira chinthu chimodzi mwezi uno, ndipo mtima wawo unali pa penti. Anandiuza kuti, "Mphwanga, galimoto imene yakhala zaka osayenda mphira zake zapuma, zatha bwanji?" Funso lake ndi lomveka. Koma mphira imakalamba ngakhale itangokhala. Mpweya ndi kutentha zimaiumitsa n'kuing'amba timing'alu, kulemera kwa injini kumaiphwatalala, ndipo oyilo wodontha amaifewetsa mpaka kuoneka ngati phala. Sindinawatsutse ndi pakamwa. Ndinawapempha kuti agwire tochi, ine n'kulowetsa chitsulo chotukulira pansi pa bulaketi yakumanzere. Mphira inasiyana ndi chitsulo chake ngati khungu la nthochi. Anayang'ana kanthawi n'kunena kuti penti idikire.

Posankha zatsopano pali njira zinayi zimene mungakumane nazo, kaya mwapita ku Ndirande, ku Biwi kapena mwatuma wachibale wa ku Johannesburg.

Yoyamba ndi mphira wamba yopangidwira mtundu wa galimoto yanu. Kwa pikiapu yoyenda tsiku ndi tsiku, imeneyi ndiyo ndingasankhe. Tengani yakaleyo popita kukagula, muziike pamodzi. Onani kutalika, pokumbukira kuti yakale inaphwa ndiye yatsopano iyenera kutalikirapo pang'ono. Onani malo a mabawuti ndi mazinga ake. Pindani mphira ndi chala muone ngati ikuonetsa ming'alu, ndipo yang'anani m'mphepete ngati yamatirira bwino ku chitsulo. Bokosi lokongola lisakunamizeni, chikomekome cha nkhuyu m'kati muli nyerere.

Yachiwiri ndi sipeyala yeniyeni ya kufakitale imene yakhala pashelefu zaka zambiri, kapena yomasulidwa pa galimoto ina yakufa. Pa chitseko kapena nyale, yoteroyo ndi chuma. Pa mphira ayi, chifukwa yakalamba pamodzi ndi imene mukuchotsayo.

Yachitatu ndi polyurethane, imene okonda mipikisano amaitama. Imapirira oyilo ndipo imakhalitsa, koma nthawi zambiri ndi yolimba kuposa mphira, ndiye masamu aja amakutembenukirani. Pa bodi ya zaka makumi anayi, yokhala kale ndi dzimbiri m'makona, kugwedezeka kowonjezera kumamasula zomangira ndi kukulitsa ming'alu.

Yachinayi ndi yathu yodziwika: kudula chidutswa cha teyala, kuchiboola n'kudutsitsa bawuti, kapena kungowotcherera chitsulo basi. Ndimawapatsa ulemu amakaniko amene amachita izi pamsewu usiku, kutali ndi sitolo iliyonse, kuti munthu akafike kwawo. Imeneyo ndi nzeru. Koma bawuti yodutsa mbali zonse imalumikiza injini ndi tchesisi mwachindunji, ndipo chimene chikanathera mu mphira chimakathera mu bulaketi kapena mu tchesisi yeniyeniyo. Chondidandaulitsa n'chakuti chokonza cha usiku umodzi chimasanduka cha zaka zisanu, ndipo tafika pochitcha kuti luso lathu. Luso lopulumukira pamsewu ndi lina, ntchito youkitsa galimoto pabwalo, nthawi ilipo, ndi inanso.

Kusintha kwake si kovuta, koma kumafuna kudekha. Yambani mwatseka pamene oyilo akudontha, apo ayi mphira zatsopano zidzatsata zinzake. Imikani galimoto pamalo athyathyathya, ikani miyala kapena matabwa kumateyala, chotsani waya wa batire. Mabawuti adzimbiri athireni mafuta omasulira dzulo lake. Ikani jeke pansi pa sampu mutatsamiritsa thabwa lalikulu bwino, kuti kulemera kugawanike ndipo sampu isapindike. Kwezani pang'onopang'ono, pongokwanira kuchotsa kulemera pa mounting, diso lili pa fani, pa mapaipi ndi pa mawaya. Sinthani mbali imodzi kaye, ina ikugwirabe. Zala zisalowe pakati pa injini ndi tchesisi, ndipo ngati mukulowa pansi, galimoto ikhale pa zoimikira zachitsulo, osati pa jeke yokha kapena pa njerwa. Manati muwasiye olefuka mpaka injini itatsika n'kukhazikika yokha, ndiyeno mumange molimba. Mukamangiratu ili m'mwamba, mphira imakhala yopotoka moyo wake wonse ndipo sichedwa kung'ambika.

Sinthani zonse zitatu nthawi imodzi. Yatsopano ikakhala mbali imodzi, yophwa mbali inayo, injini imapendekeka ndipo yatsopanoyo imasenza katundu wa anzake. Ya pansi pa giyabokosi ndiyo imaiwalika kawirikawiri, chonsecho ikaphwa imasintha mmene shafiti yopita kumateyala akumbuyo yakhalira. Mukamaliza, wina akhale pa chiwongolero, akoke handibuleki, aponde buleki, alowetse giya yoyamba n'kumasula kilatchi pang'ono chabe, inu mutaima pambali, osati kutsogolo. Injini iyenera kupendekeka pang'ono n'kubwerera mwakachetechete.

Chimene chandikhudza pantchito imeneyi n'chakuti masamu a m'kalasi ndi manja a kugalaja akunena chinthu chimodzi, koma sakumana. Makaniko wodziwa ntchito amaika dzanja pa bodi n'kukuuzani kuti mphira iyi yauma, osatchula nambala ngakhale imodzi. Ife timatha kulemba nambalazo pa mayeso, koma ambiri mwa ife sitinagwirepo mounting m'manja. Tikamaliza sukulu, galimoto yoyamba imene ambirife tingakwanitse kugula idzakhala yakale, yodutsa m'manja ambiri, ndipo wogulitsa adzakhala ataitsuka bwino ndi kuipopera zonunkhira. Tsiku limenelo mudzatenge tochi, mugwade pansi, muone chimene injini yakhalira musanafunse za wayilesi.