Kalata kwa Tadala, ponyamuka kupita ku Mangochi

Tadala mwana wanga,

Za khalidwe ndi mapemphero amayi ako akuuza kale. Ine ndikulembera za ntchito, chifukwa kumene ukupitako n'kotentha, ndipo firiza ikaima tsiku limodzi, chambo cha munthu chimaola pamodzi ndi mpamba wake.

Ambiri okuitana adzati furiji ikungoti tha, n'kukhala chete, pakapita mphindi zingapo n'kubwerezanso. Amisiri ena akangomva zimenezo amati kompresa yapsa, n'kutchula mtengo. Iwe usafulumire. Chikulira pamenepo ndi overload, imene ikudula magetsi chifukwa mota yakanika kudzuka, ndipo kawirikawiri chafa ndi relay, kachipangizo kosadula n'komwe.

Choyamba zula pulagi pakhoma. Ngati pali kapasita, uichotse mphamvu, chifukwa imasunga moto ngakhale furiji itazima. Ukatsegula kachivindikiro ka pambali pa kompresa upeza mapini atatu: C, S ndi R (ena amalemba M m'malo mwa R). Usaloweze pamtima kuti C amakhala pamwamba, chifukwa makampani amasanja mosiyana. Ika mita pa ohms, uyeze awiriawiri. Nambala yaikulu kwambiri ituluka pakati pa S ndi R, choncho pini yotsalayo ndiye C. Kuchokera pa C, kowerenga pang'ono nthawi zambiri ndi R, kowerenga zambiri ndi S, koma pa makompresa ena ang'onoang'ono zimasinthana, ndiye ngati pali chithunzi cha mawaya uchitsate. Nambala ziwirizo ukaziphatikiza zifanane ndi yaikulu ija. Kenaka yeza pini iliyonse ndi thupi la kompresa, popala penti. Mita ikasonyeza kuti zikugundana, motayo yapsadi, ndipo relay yatsopano singaidzutse. Mwini wake umuuze mosabisa.

Mafuriji ambiri a m'nyumba ali ndi relay ya PTC. Mkati mwake muli kambale kamene kamatentha magetsi akadutsa, n'kutsekera njira yopita ku S mota ikangodzuka. Uigwedeze pafupi ndi khutu. Ikamachita phokoso ngati muli timiyala, kambaleko kasweka. Yatsopano ikhale ya ohms zofanana ndi zolembedwa pa yakaleyo, kaya 15, 22 kapena 33. Imalowa pa S ndi R, overload n'kukhala pa C. Usanazule waya uliwonse, jambula ndi foni.

Relay ya koyilo ndiyo yofuna maso. Kachitsulo ka mkati mwake kamakwera pamene mota ikukoka magetsi ambiri podzuka, kenaka kamagwa kokha ndi kulemera kwake. Ukaiika chadodolido, S sadzadulidwa, ndipo waya wake wopyapyalawo upsa uli chiimire pomwepo. Igwirizanenso ndi kukula kwa kompresa.

Overload usadzailumphe, ngakhale kasitomala atakudandaulira bwanji kuti nsomba zikusungunuka. Ndaonapo makompresa abwinobwino ataphedwa ndi kachidutswa ka waya kolumikizidwa mwachifundo. Werenganso chomata cha pa kompresa: ngati palembedwa R600a, gasiyo amayaka, choncho zoyesa mawaya mogunditsa kuti uone moto uzisiye. Ngati ndi ya inverter, ilibe relay, ndipo ukailowetsa magetsi a 230V mwachindunji waiwononga.

Kompresa ikadzuka usathamangire kulandira ndalama. Kola mita pa waya, uone ngati ma amp atsika n'kukhazikika, ugwire paipi yotuluka umve ngati ikutentha. Uwauze eni ake kuti magetsi akazima n'kuyakanso msanga, azidikira mphindi zisanu, kuti PTC izizire ndipo mphamvu ya gasi itsike. Relay yakaleyo uwapatse m'manja aione okha.

Mita yanga yokola ndaiika m'chikwama chako, pamodzi ndi ma relay a ohms zosiyanasiyana. Batire lake ndi lakale, ukagule lina usanayambe ntchito. Ukafika utiimbire.

Ndine bambo ako.