Chimene Sipika Yakhalira Nachonso Chimayimba

Mu komboni mwathu nyimbo timaziyeza ndi mtunda. Woofer yako ikamveka mpaka pa kantemba ka pakona, anyamata amati uli ndi zida. Koma ine ndaona kuti m'nyumba zambiri zimene zimagwedeza malata a anthu ena, ukalowa mkati sumva bwino zimene woyimba akunena. Umamva kulira kwa magalasi, kugubuduka kwa zitseko za kabati, ndi besi yotupa ngati yatsekeredwa mu dramu. Mwini wake amayamba kusunga ndalama zogulira sipika ina yaikulu, chonsecho vuto lili pansi pa sipika imene ali nayo kale.

Sipika imatulutsa mawu pokankha mpweya. Kachikopa kake kamapita kutsogolo ndi kubwerera m'mbuyo, ndipo khutu la munthu limamva kunjenjemera kuyambira maulendo 20 mpaka 20,000 pa sekondi imodzi. Koma mphamvu yonse sipita mumpweya. Ina imalowa m'bokosi la sipika, n'kutsikira pa chilichonse chimene bokosilo lakhalira. Chinthucho chikakhala chopepuka kapena chamkati mopanda kanthu, nacho chimayamba kuyimba nyimbo yakeyake, mochedwerako pang'ono, pamwamba pa nyimbo yanu.

Kwathu sipika zinkakhala pa display ya amayi, kabati ija ya zitseko zagalasi imene imasunga makapu ndi mbale za alendo. Ndi pamalo paulemu m'nyumba, ndiye chilichonse chodula chimathera pamenepo. Besi ikagunda, makapu ankayankha. Amayi ankati nyimbo zanga zidzaswa mbale zawo zaukwati, ndipo anali ndi mfundo. Ine ndinkati makapu awo akuwononga nyimbo zanga, ndipo nanenso ndinali ndi mfundo. Mlandu anauweruza ndi amalume, kalipentala wa ku Kalingalinga, kumene mipando ndi mageti zimayalidwa m'mbali mwa msewu wa Alick Nkhata.

Amalume sanayatse n'komwe nyimbo. Anangopinda chala n'kuyamba kugogoda. Pa galasi: ngwee, mawu otalika. Pa thabwa lopyapyala la kumbuyo kwa display: phuu, ngati ng'oma. Pa mpando wa mukwa umene anapanga okha: khu, basi, mawu n'kufera pomwepo.

"Wamva, mwanawe?" anatero. "Chimene chikulira ukachigogoda chidzaliranso sipika ikachigogoda. Funa chimene chimakhala chete."

Mmisiri wa matabwa amadziwa zimenezi chifukwa nthawi zina amafuna mtengo wolira. Besi ija yopanga pamanja, babatoni, imene ili pa mtima wa kalindula, imamveka patali chifukwa chingwe chake chimanjenjemeretsa bokosi lamkati mopanda kanthu. Pa chida choyimbira, kulira kumeneko ndi mphatso. Pa shelefu ndi bodza, chifukwa kumawonjezera mawu amene woyimba sanayimbe.

Kuchokera tsiku limenelo ndakhala ndikugogoda mashelefu m'nyumba za anzanga, ndipo zimene ndamva ndi izi. Galasi ndi lokongola koma limalira pa mawu okwera, ndipo likangokhala pa timisomali popanda labala limachita phokoso. Shelefu ya mapaipi achitsulo yowotcherera ndi yolimba, koma chitsulo chimayendetsa kunjenjemera mwachangu kwambiri, pafupifupi mamita 5,000 pa sekondi, pamene mumpweya mawu amayenda mamita 343 okha. Mapaipiwo ukawathira mchenga wouma mkati, kulira kumachepa. Chipboard yopyapyala ya makabati otchipa imatupitsa besi. MDF yokhuthala ndi yolemera ndipo silira kwambiri. N'chifukwa chake mabokosi ambiri a sipika amapangidwa ndi iyo, ngakhale imadana ndi madzi. Thabwa lokhuthala la mtengo wolimba limachita bwino. Ndipo pansi pa simenti, pamene tonse tili napo kwaulere, ndi pabwino kuposa display iliyonse kuikapo woofer.

Pali chida chimodzi chimene chimavutika kuposa zonse. Amalume ali ndi mbale za WITCH ndi Paul Ngozi za m'zaka za m'ma 1970, ndipo makina oziyimbira sawaika pa thabwa limodzi ndi sipika. Kasingano kake kamawerenga timizere tating'ono kwambiri, moti shelefu ikagwedezeka nako kamamva, n'kubweza kugwedezekako ku sipika mpaka nyumba yonse kung'ung'udza. Koma ife amene nyimbo zathu zimachokera pa foni kudzera pa Bluetooth, tisanamizidwe. Foni kaya ili pa galasi kaya pa pilo, nyimbo imafika chimodzimodzi. Amplifier nayo chachikulu imafuna ndi mpweya woiziziritsa. Pofunika kusamala ndi pamene sipika yeniyeniyo yakhala.

Zimene tinachita kwathu sizinadye ndalama zambiri. Woofer inatsika pa display n'kukhala pansi, pa tizidutswa tinayi ta patapata wakale, motalikirana pang'ono ndi khoma, chifukwa pakona besi imachuluka mpaka kuphimba zina zonse. Tisipika ting'onoting'ono tinapita pa thabwa lokhuthala, molingana ndi makutu a munthu wokhala pampando, ndi kachidutswa ka chubu cha njinga pansi. Nditayatsa nyimbo imene ndinkaidziwa bwino, ndinamva gitala yachiwiri imene inali momwemo masiku onse koma makapu ankaibisa.

Palinso nkhani ya anansi. Ambiri a ife timakhala mu mdadada, khoma limodzi mabanja awiri. Ukakhomera shelefu ya woofer pakhoma limenelo, besi imadutsa m'njerwa n'kukatulukira kumutu kwa bedi la munthu amene adzuka 4 koloko kupita ku Soweto Market. Iye samva nyimbo, amangomva kugunda. Mikangano yambiri imene imathera kwa alandilodi imayambira pa misomali iwiri yokhomedwa pakhoma lolakwika. Ndaonanso kuti mawu akamamveka bwino, dzanja silithamangira kukweza voliyumu. Nthawi zambiri timakweza chifukwa tikufunafuna mawu a woyimba m'kati mwa phokoso, ndiye phokosolo limakwera nawo limodzi.

Sindikuletsa munthu kugula zida zatsopano. Ndalama ndi zake. Koma musanapite ku Kamwala ndi makwacha amene mwasunga miyezi itatu, yesani izi madzulo ano. Yatsani nyimbo ya besi yolemera, ikani dzanja pa shelefu, pa chitseko cha kabati, pa windo. Paliponse pamene dzanja likunjenjemera pali woyimba amene simunamuitane. Muchotseni kaye ameneyo, kenaka mumvetsere zida zanu. Mwina muzimva koyamba.