Mvula Yoyamba pa Chilumba cha Likoma

Ife a kumtunda mvula timaidikira ndi makasu m'manja. Kwathu ku Dedza mitambo ikada pamwamba pa phiri, amai amatulutsa mbeu ndipo ana amavina pabwalo. Maganizo omwewo tidapita nao ku Likoma pamene ntchito ya uphunzitsi idatisamutsira kumeneko pamodzi ndi ana athu atatu.

Likoma ndi gawo la Malaŵi, koma madzi ozungulira chilumbachi ndi a Mozambique, ndipo mapiri a ku Cobué amaoneka pafupi kwambiri. Tidafika pa Ilala, sitima imene idayamba kuyenda panyanjayi m'chaka cha 1951. Potsika tidaona kuti tinali alendo ndithu: nthaka ya miyala ndi mchenga, milambe ponseponse, nsima ya kondowole, ndi Chinyanja chimene makutu athu anali asanachizoloŵere.

Tsiku lina chakumapeto kwa Novembala kudacha kotentha, nyanja ili zii. Mwana wathu wachisamba, wa zaka 14, adapempha kuti apite pabwato kukaŵedza ndi anzake aŵiri a pachilumbapo, ife nkumlola. Gogo wina woyandikana nafe, amene ankasoka ukonde patsinde pa mlambe, adati, "Aphunzitsi, mwana uja mukadamletsa. Nyanja ikachita bata chonchi mwezi uno, mpoto uli panjira." Tidayang'ana kumwamba, kuli mbee, ndipo tidangomwetulira mwaulemu.

Dzuŵa litapendeka, mtambo wakuda udatulukira kumpoto. Mphepo idayamba kuthothola mango, fumbi lidakwera, kenaka chimvula chidakhuthuka. Tchalitchi chachikulu cha St Peter's, chimene chidayamba kumangidwa m'chaka cha 1903 ndipo chimaonekera patali, chidabisika psiti. Panalibe wovina. Azimai ankathamangira ku thandala kukayola usipa umene adayanika, pakuti usipa ukanyowa umaola, ndipo fizi ya ana imaolera pomwepo. Azibambo ankakokera mabwato kumtunda, uku akuŵerenga amene sadabwereko.

Tidathamangira kugombe mitima ili m'mwamba. Mafunde ankamenya miyala, bwato la anyamata aja osaoneka. Pamenepo zimene tinkangophunzitsa m'kalasi zidatibwerera mwatsopano: Bishopu Chauncy Maples wa ku Likoma komweko adamira panyanjayi pa namondwe m'chaka cha 1895, ndipo sitima ya Vipya idamira m'chaka cha 1946 ndi anthu 145. Ngati nyanja idameza sitima yachitsulo, nanji kabwato ka mtengo umodzi?

Gogo uja sadatidzudzule. Adangotuma anyamata aŵiri kuti atsate gombe, natiuza kuti, "Ana a kuno nyanja amaidziŵa. Khazikani mtima pansi." Kutayamba kuda tidaŵaona onse akubwera pansi, atanyowa chonyowa. Anzake a mwana wathu adaona madzi akuda chakumpoto ife tisanaone mtambo, ndipo adapalasira msanga kukabisala kuseri kwa matanthwe. Iye ankafuna kuti aponyenso mbedza kamodzi, koma iwo adamkaniza.

Usiku umenewo anansi adatisonkhera moto kuti mwana aothe. Pachilumbapo nkhuni zinali zosoŵa, zambiri zinkachita kuoloka pabwato kuchokera kutsidya, choncho moto umenewo sunali mphatso yaing'ono. M'maŵa mwake tidatenga malichero kukaŵathandiza kuyanikanso usipa umene udapulumuka.

Inu achinyamata amene mukupita kutali kukaphunzira kapena kukagwira ntchito, ndi inu makolo oŵaperekeza, kumbukirani kuti zizindikiro za kwanu sizigwira ntchito kulikonse. Tinali ndi mabuku ndi masatifiketi, koma thambo la ku Likoma sitinkatha kuliŵerenga. Akuluakulu adati safunsa adadya phula. Kuyambira tsikulo, mwana akapempha kupita panyanja, tinkayamba tapita patsinde pa mlambe kukafunsa gogo uja.