Futali wa anganga: zomwe Ramadhan ya nthawi ya njala idatiphunzitsa kukhitchini



Ramadhan ya chaka cha 2024 idatipeza ndi thumba limodzi la chimanga ndi kandalama komwe tinkati katifikitsa pa Eid. Pakhomo pathu, kufupi ndi msika wa Kampepuza kuno ku Ntcheu, tilipo anthu asanu ndi awiri: ife makolo, ana anayi, ndi mayi athu okalamba ochokera ku Balaka, omwe ana amawaitana kuti anganga. Pofika tsiku la 10 la swaumu, ndalama ija inali itapitirira theka. Palibe adatibera. Tidaidya tokha.

Madzulo aliwonse pamkeka pankakhala mandasi, samusa, tchipisi, mpunga ndi zakumwa zotsekemera za m'botolo. Munthu wosala akalowa mumsika nthawi ya Asr amagula ndi maso, chilichonse chokazinga chimamuitana. Tinkagula monga tinkachitira zaka zam'mbuyo, kuiwala kuti zinthu zasintha. Mu Novembala 2023 ndalama ya kwacha idachepetsedwa mphamvu ndi 44 pa 100 iliyonse, ndipo mafuta ophikira, shuga ndi fulawa zidakwera mtengo. Mvula nayo idadula chimanga chathu chikumasula ngayaye. Pa 23 Malichi, tili mkati mwa swaumu, Pulezidenti wa nthawi imeneyo, Lazarus Chakwera, adalengeza kuti maboma 23 mwa maboma 28 a dziko lino ali pa ngozi chifukwa cha ng'amba.

Chomwe chidatiwawa kwambiri n'chakuti ndalama yonseyo siinkatipatsa mphamvu. Pofika nthawi ya Dhuhr kukhosi kunkakhala gwa, pamtima pakutentha. Mwana wathu wamkulu, yemwe anali Folomu 4, ankasinza m'kalasi. Ana awiri aang'ono, omwe sadafike pa msinkhu wosala, masana ankangodya mandasi ogona ndi tiyi, chifukwa palibe ankafuna kusonkha moto dzuwa lili paliwombo. Ife akuluakulu tinkasala mwa kufuna kwathu, koma anawo tinkawasalitsa popanda kudziwa.

Usiku wina titabwera ku Taraweeh, anganga adatipeza tikuwerenga ndalama yotsala. Adakhala pansi nati: "Ana inu, kodi futali mudamuiwala? Ife tinkasala mwezi wathunthu popanda dontho la mafuta a m'sitolo, ndipo m'mawa tinkapita kumunda." Tidaseka, koma mawu a akuluakulu amakoma akagonera. Kutacha adatuma mdzukulu kukathyola dzungu limodzi ndi kukatenga mtedza womwe udatsala m'kathumba.

Futali ambiri timamudziwa: mbatata, chinangwa kapena maungu, zosenda ndi kuduladula, zowiritsa ndi mchere pang'ono, kenako n'kuthira nsinjiro zikayamba kufewa, n'kusiya zitokote pa moto wochepa. Dzina lake ndi lomwelija la futari, chakudya chomasulira swaumu. Lero amaphikidwa m'makomo a anthu a zipembedzo zonse, koma ife eni dzina tidamusiya n'kumathamangira samusa. Tsiku limenelo tidamasula ndi madzi, chifukwa tende zinali zitatha, kenako mbale ya futali wa maungu aliyense. Titaswali Maghrib tidadya nsima pang'ono ya nkhwani ndi nyemba. Palibe adagona ndi njala, ndipo ndalama yomwe idatuluka tsikulo inali ya tomato ndi anyezi basi.

Kuyambira pamenepo tidasintha zinthu zingapo, ndipo tikuzilemba pano kuti mwina zithandize banja lina.

Tidayamba ndi kuchigayo. Chimanga chotsalacho sitidachikonolenso, tidagayitsa mgaiwa. Pokonola, gaga amachoka ndi mbali yabwino ya njere, ndipo ufa umachepa m'thumba. Nsima ya mgaiwa imakhalitsa m'mimba, chomwe ndi chinthu chachikulu kwa munthu yemwe adzaonanso chakudya dzuwa litalowa. Ana adayamba ndi kunyinyirika kuti nsimayo ndi yakuda. Patatha masiku atatu adasiya.

Dakwi tidamusandutsa chakudya chenicheni. Kale tinkangomwa tiyi ndi buledi, nthawi zina n'kugona osadzuka. Tsopano ndi phala la mgaiwa lothira nsinjiro kapena ufa wa soya wokazinga, kapena mkute wotenthetsa ndi nyemba za dzulo, kuphatikizapo nthochi kapena peyala, pakuti mu Malichi mapeyala amakhala ambiri ndi otsika mtengo. Tidachepetsa mchere ndi tsabola pa dakwi poopa ludzu, ndipo madzi timamwa pang'onopang'ono kuyambira Maghrib mpaka m'bandakucha, osati kudzaza mimba kamodzi. Phala lomwelo timapatulako la ana aang'ono, pamodzi ndi mbatata yowiritsa ndi gwafa, kuti masana apeze chakudya ngakhale moto usasonkhedwe.

Amayi a pakhomo pano adakumbukira zomwe amaphunzitsa kusikelo ya ana, za magulu asanu ndi limodzi a zakudya: zokhutitsa, za mtundu wa nyemba, zanyama, zamasamba, zipatso ndi zamafuta. Tinkaganiza kuti zimenezo ndi za anthu a ndalama. Titawerenga bwino tidapeza kuti magulu asanu ali kale pafupi nafe. Nsima kapena mbatata ndi gulu loyamba. Nyemba, khobwe, nandolo ndi nzama ndi lachiwiri. Nkhwani, bonongwe, chisoso, luni ndi kholowa nthawi ya dzinja zimangomera m'munda ndi kuseri kwa nyumba. Magwafa ndi nthochi ndi zipatso. Mtedza ndi peyala zili ndi mafuta ake kale. Chotsala ndi gulu la nyama, ndipo pamenepo mulu umodzi wa usipa kapena bonya umakwanira. Tikaukazinga pang'ono popanda mafuta n'kuusinja, timathira supuni ziwiri m'ndiwo zamasamba, ndiye aliyense amalawako, ndi minga yomwe, yomwe imalimbitsa mafupa. Nyama tidaisiyira tsiku la Ijumaa, ikapezeka yozingidwa ndi munthu yemwe tikumudziwa. Ikapanda kupezeka, mazira awiri ophwanyira mu tomato amagwira ntchito.

Moto nawonso ndi ndalama. Nyemba timaviika usiku, ndipo zimapsa msanga popanda kutha makala. Timaphika za masiku awiri kamodzi, n'kuziwiritsanso bwinobwino tisanadye. Masamba timawaika pa moto kanthawi kochepa, m'madzi ochepa, ndipo tidachepetsa soda chifukwa amapha mavitamini. Tiyi tidasiya kumwera limodzi ndi nsima, popeza amalepheretsa thupi kutenga bwino michere yowonjezera magazi yomwe ili m'nyemba ndi m'masamba. M'malo mwake timatsirizira ndi gwafa kapena timafinyira ndimu m'ndiwo. Mtedza timausankha tisanasinje, wovunda ndi wachuku timataya, chifukwa chuku chimenecho ndi poizoni, makamaka kwa ana. Apa pokha ndi pomwe sitiumira.

Kagulidwe nakonso kadasintha. Ife a ku Ntcheu tili ndi mwayi womwe anzathu a m'tauni amasirira. Mbatata ya kachewere yomwe amadya ku Blantyre ndi ku Lilongwe yambiri imachokera ku Tsangano, ndipo kabichi, tomato ndi anyezi zimaunjikana ku Lizulu, m'mbali mwa msewu wa M1 pa malire ndi Mozambique. Kupita wekha ku Lizulu kukagula kabichi mmodzi ndi kuluza, chifukwa minibasi idya phindu lonse. Choncho tidagwirizana mabanja atatu a pa mzikiti wathu: mmodzi akakhala ndi ulendo wa kumeneko, timasonkha, amagula zambiri n'kudzagawana. Pamsika wathu wa pafupi timapita titalemba kale zogula, ndipo amene amapita ndi amayi, omwe amadziwa kunenerera ndi kupempha basera, osati abambo omwe fungo la chiwaya limawakoka.

Sitikunena kuti mgaiwa ndi nsinjiro zimathetsa umphawi. Chaka chimenecho panali makomo omwe ngakhale dzungu kapena mtedza adalibe, ndipo kuwauza za magulu a zakudya kukadakhala kuwanyoza. Pafupi nafe pali mayi wamasiye yemwe amalera adzukulu atatu. M'masiku 10 oyamba aja, pomwe tinkakazinga samusa, sitidamutumizire kanthu, chifukwa samusa sakwanira kugawa. Mphika wa futali umakwanira. Masiku otsalawo mbale imodzi inkapita kwa iye madzulo aliwonse, ina kwa aneba athu achikhristu nthawi ndi nthawi, omwe nawo ankabweza mbaleyo muli mondokwa. Kupatsa n'kuika. Kumapeto kwa mwezi tidatha kupereka Zakaatul Fitr ya anthu asanu ndi awiri popanda kukongola, chinthu chomwe pa tsiku la 10 chinkaoneka chosatheka.

Kwa inu ophunzira omwe mumadziphikira nokha m'nyumba za lendi pafupi ndi sukulu: musanyoze kathumba ka mgaiwa, nsinjiro ndi nyemba komwe mayi amakupatsirani. Sonkhanani atatu kapena anayi, mbaula imodzi, mphika umodzi. Ndalama ya tchipisi ya madzulo amodzi igulireni mulu wa usipa ndi mapeyala a dakwi. Mwana wathu uja adasiya kusinza m'kalasi sabata yomwe tidayamba phala la m'bandakucha.

Tikulemba izi chifukwa nkhaniyi siidathere mu 2024. Ramadhan imabwerera m'mbuyo ndi masiku pafupifupi 11 chaka chilichonse. Mu 2024 idayamba Malichi ali mkati, mu 2025 kumayambiriro kwa Malichi, ndipo zaka zotsatira zikuilowetsa mu Febuluwale ndi Januwale, miyezi yomwe nkhokwe zimakhala zopanda kanthu, chimanga chili pa mtengo wokwera, maungu ndi mbatata zisanakhwime. Futali wa miyezi imeneyo adzafuna kukonzekera nthawi yokolola. N'chifukwa chake pakhomo pano tidayamba kupatula mtedza ndi nyemba za Ramadhan tikangokolola, kufutsa masamba kuti tikhale ndi mfutso, ndi kubzala mizere ingapo ya chinangwa kumapeto kwa munda, chomwe chimadikira m'nthaka mpaka tsiku lomwe tidzachifune.

Anganga maso ayamba kuvuta, koma kusenda chinangwa salola wina. Amakhala pakhonde nthawi ya Asr ndi lichero pamiyendo, mdzukulu wamng'ono ali pambali akusinja mtedza mu kamtondo, n'kumamuuza kuti asasinje mpaka kusanduka chiponde.

Allah atilandire swaumu yathu, aike madalitso m'zochepa zomwe tili nazo, ndipo awakumbukire omwe mphika wawo sudatereke lero. Aameen.