Thirakitala ya Atsibweni Anga

M'mapiri mwathu muno mwa Dowa ndi Ntchisi minda yambiri ilimidwa ndi khasu, ndi ina ndi ng'ombe. Koma kumene dziko lili lathyathyathya, monga cha ku Mponela ndi ku Madisi, mudzaona thirakitala ilikugalauza nthaka, fumbi lili koboo pambuyo pake. Ana inu mukaimva kulira muthamangira kumsewu kukaiona, ndipo muyesa kuti chinthu champhamvu chotere sichingadwale. Iyayi, chidwala ndithu. Ndipo tsiku limene chidwala, si mwini wake yekha amene asauka.

Mathirakitala ambiri sapangidwa m'Malawi muno, achokera kutali. Ambiri ofiira aja ali ndi dzina la Massey Ferguson. Harry Ferguson anali mwana wa mlimi wa ku Ireland. Iye ndiye anapeza nzeru ya kumangirira pulawo kumbuyo kwa thirakitala ndi mikono itatu yachitsulo, kuti woyendetsa aziikweza ndi kuitsitsa ali chikhalire pampando. M'chaka cha 1946 thirakitala yake yaing'ono yotuwa inayamba kupangidwa mumzinda wa Coventry ku England. Tsono popeza zitsulo zake zichokera kunja, kachitsulo kamodzi kakathyoka sikapezeka pamsika wa kumudzi. Munthu ayenera kukakafuna ku Lilongwe, ndipo kakasowa kumeneko alindira masabata.

Ine ndinakulira pakhomo pa atsibweni anga, amene anali ndi thirakitala yakale yolimira anthu molipitsa. Ntchito yanga inali ya kunyamula sipanala ndi nsanza. Chaka ndi chaka, mwezi wa Ogasiti, anthu ena ali pa bawo m'tsinde mwa mtengo, iwo anali kulowa m'chigafa ndi kuyamba kuikonza.

Tsiku lina ndinawafunsa, nditi, "Atsibweni, mvula ikali kutali. Mulikuvutikiranji lero?"

Iwo anaseka, nati, "Mphwanga, ng'ombe yolima sitiidyetsa m'mawa mwa tsiku lolima. Tiidyetsa chilimwe chonse."

Poyamba anali kuliza injini kanthawi kuti oyilo atenthe, namasula bawuti wa pansi. Oyilo wakale anatuluka ali bii ngati mwaye. Anandigwiritsa pang'ono pa zala kuti ndimve timchenga m'menemo, nandiuza kuti oyilo ndiye aletsa zitsulo za m'kati kudyana, koma akada ayamba kuzipala monga mwala upala mpeni. Mabuku a mathirakitala ambiri ati oyilo asinthidwe injini ikagwira ntchito maola ngati 250, pamodzi ndi sefa yake. Chifukwa chake atsibweni anali kulemba maolawo m'kabuku ndi pensulo.

Pambuyo pake anali kutsegula sefa ya mpweya. Injini ipuma monga ife, ndipo fumbi la mwezi wa Okutobala likailowa, ifooka nitulutsa utsi wakuda. Anali kuchotsanso udzu ndi mankhusu pa radiyeta, ndiyo nkhokwe ya madzi oziziritsa injini. Pakuti tizibowo take tikatsekeka mphepo sidutsa, ndipo madzi awira. Anakanikiza lamba wa fani ndi chala kuona ngati wakhwefuka. Anapala zoyera zija zomera pamitu pa batire. Anapopa matayala onse anayi. Ndipo anayendera mfundo iliyonse ndi pampu ya girizi, napopa kufikira girizi wakale atatuluka. Pulawo nayo sanaiiwale: anamanga mabawuti ake, napaka oyilo wakale uja pa mbale zake kuti dzimbiri lisazidye.

Koma mdani amene anamuopa koposa ndiye madzi a m'dizilo. Madzi alemera kupambana dizilo, chotero akhala pansi osaoneka. Pansi pa sefa pali kambale kamene madziwo asonkhanamo, ndipo anali kukakhuthula kawirikawiri. Masiku olima anali kudzaza thanki madzulo, osati m'mawa, pakuti thanki yopanda kanthu ichita thukuta m'kati usiku kukazizira, monga malata a denga adontha mame m'bandakucha.

Mwina muti, zonsezi n'zachiyani? Tamverani. M'mudzi woyandikana ndi wathu munali thirakitala ina, yatsopano kuposa ya atsibweni. Mwini wake anaisiya pansi pa mtengo wa mango kuyambira nthawi ya kukolola. Makoswe anamanga chisa m'menemo, nadya mawaya. Mabanja ambiri anali atapereka kale ndalama kuti awalimire, ndipo podalira iyo sanagwire khasu. Chizimalupsa chitagwa, nthaka nifewa, onse anaifuna sabata lomwelo. Anaikankha nilira, nilima mizere yowerengeka, nizima pakati pa munda. Madzi a m'dizilo anali ataononga pampu yake. Masabata atatu anatha alikulindira chitsulo. Atsibweni analima usana ndi madzulo kuti athandize ena mwa iwo, koma thirakitala imodzi siingalime midzi iwiri. Otsalawo anabwerera ku khasu mvula itakhazikika kale, nabzala anzawo alikupalira. Chimanga chobzala mochedwa sichibala bwino. Chaka chimenecho nkhokwe zawo zinatha msanga, ndipo ana ena a m'kalasi mwathu anali kubwera kusukulu osadya. Madzi akatayika saoleka. Masiku a mvula yoyamba ali chimodzimodzi.

Kuno kumapiri kusamalako kusunganso moyo wa munthu. Thirakitala ili ndi zopondera mabuleki ziwiri, china cha gudumu la kumanja, china cha kumanzere, kuti izikhota msanga pamutu pa munda. Potsika chitunda ndi ngolo yodzala, atsibweni anali kuzilumikiza ziwirizo ndi kachitsulo kake, nalowetsa giya yaing'ono asanayambe kutsika. Buleki imodzi ikagwira inzake osagwira, thirakitala ipotoloka ndi kugubuduzika. Ndiponso pamalo otsetsereka kwambiri, monga m'mbali mwa phiri la Ntchisi, anali kukana kulima ngakhale munthu aonjeze ndalama. Anati pamenepo mpa khasu, ndi mizere yopingasa yoletsa madzi kukokolola nthaka.

Zinthu ziwiri ndikupemphani, ana inu. Musakwere pambali pa gudumu kapena pa chitsulo chokokera ngolo, ngakhale woyendetsa akuitaneni. Pathirakitala pali mpando umodzi wokha. Ndipo musatsegule chivundikiro cha radiyeta injini ikali yotentha, pakuti madzi owira adzakuthirani kumaso.

Ambiri a inu kwanu kulibe thirakitala, ndipo kapena simudzakhala nayo. Koma khasu lilipo, kapena ngolo, kapena njinga ya atate. Mwambo wake ngomwewo. Lero mukaweruka, kayang'aneni makasu a kwanu. Ngati mpini wang'aluka, auzeni atate aseme wina mvula isanafike. Ngati khasu lagona panja, lichotseni dothi, mulinole, ndi kuliimika pouma. Akulu ati chonona chifumira kudzira. Nkhokwe yodzala iyambira pa chipangizo chokonzeka.