Jezi Inadikira Digiri

Mng'ono wanga akufuna kusiya sukulu ali Fomu 3. Akuti mpira ndiwo udzamudyetse. Usiku wina tinakangana mpaka amayi anadzuka kudzatiletsa. Iye anangoti, "Achimwene, inuyo digiri muli nayo, koma si uyu mukungokhala pakhomo?" Zinandibaya, chifukwa sananame.

Tulo sitinabwere. Ndinakumbuka nkhani ya Davidson College, kakoleji ka ku North Carolina, ku America, ka ophunzira pafupifupi 2,000 basi. Anakayambitsa ndi a Presbyterian mu 1837, abale athu m'chikhulupiriro ife a CCAP. Poyamba ophunzira ankagwiranso ntchito zamanja ndi zakumunda, monga zinkakhalira pamishoni zathu zakale.

Mu 2006 kunafika mnyamata wowonda, Stephen Curry, amene makoleji akuluakulu anamukana poona kuchepa thupi. Mu 2008, motsogozedwa ndi kochi Bob McKillop, timu ya basketball ya pakolejipo inagwetsa Gonzaga, Georgetown ndi Wisconsin pampikisano wa makoleji a dziko lonselo, kenako n'kugonja kwa Kansas 59-57. Chaka chotsatira Curry anasiya sukulu n'kulowa Golden State Warriors.

Akanamva pokhapa, mng'ono wanga akanaomba m'manja. Koma Davidson inali ndi lamulo lake: katswiri sapatsidwa ulemu womupachikira jezi m'bwalo lamasewera ngati sanamalize maphunziro. Curry anatenga zikho za NBA, anasankhidwa kawiri kukhala wosewera wopambana onse, koma kukoleji kwake nambala 30 inadikira zaka 13. Mu 2022 anamaliza digiri ya sociology, ndipo m'pamene anamupatsa ulemuwo.

Kutacha ndinamufotokozera zonsezi akupukuta nsapato zake za mpira. Anaseka. "Ndiye kuti anayamba wapeza kaye ndalama, sukulu pambuyo."

"Anachoka atatha zaka zitatu pakoleji," ndinatero. "Anali ndi pobwerera. Iwe bondo likadzathyoka udzabwerera kuti, ulibe ndi MSCE yomwe?"

Sanayankhe. Nanenso sindinanyade, pakuti pepala langa likadali mu envelopu, pansi pa sutikesi. Sindingamulonjeze kuti sukulu imalipira msanga.

Tagwirizana chonchi: alembe MSCE, ine ndizikamuchemerera Loweruka lililonse akamasewera. Sabata yatha anagoletsa ziwiri. Lolemba ndinadzuka m'mamawa kukasuzumira ngati yunifomu yachoka pa msomali. Inali itachoka.