Chiwongo sachiyeza ndi malovu

Ngati muli pagulu la WhatsApp la anthu a chiwongo chanu, nkhani iyi ikupezani posachedwa. Wina wa ku Joni adzalemba kuti, "Abale, tiyeni tiyezetse DNA tidziwe kumene tinachokera." Nonse mudzavomera. Musanasonkhe ndalama, tamvani kaye mmene zinayendera kwathu.

Mwamuna aliyense ali ndi kanthu m'thupi kotchedwa Y chromosome. Amakalandira kwa bambo ake, bambowo kwa bambo awo, ndipo kamasintha pang'ono kwambiri ngakhale mibadwo ipite yambiri. Ife akazi tilibe, ndiye ine malovu anga analibe ntchito. Mwamunayo amapaka kathonje m'kati mwa tsaya n'kutumiza kunja. Makampani ngati FamilyTreeDNA ya ku Houston ali ndi magulu a anthu a dzina limodzi, kumene zotsatira amaziika m'mizere: munthu mmodzi mzere umodzi, manambala 37 kapena 111. Mizere iwiri ikafanana, kapena kusiyana malo awiri atatu okha, ndiye kuti amuna awiriwo gogo wawo wa kuchimuna ndi mmodzi.

Kwathu anayezetsa atatu: achimwene a kwa bambo aakulu amene ali ku Johannesburg, mchimwene wanga wa kuno ku Mchengautuwa, ndi bambo aang'ono ena a kumudzi ku Mzimba, a nyumba ina ya chiwongo chathu chomwechi. Poyamba tinasangalala, chifukwa onse atatu anatuluka m'gulu la E-M2. Eti gulu limeneli ndi la amuna ambirimbiri kuyambira ku Cameroon mpakana ku South Africa. Zili ngati kasitomala wafunsa kuti tomatoyu ndi wa kuti, iwe n'kuyankha kuti wa kudimba.

Nkhani inali pa manambala aja. Achimwene awiriwo anafanana. Bambo aang'ono mzere wawo unali kwinakwake. Gulu linati zii masiku awiri. Kenako mnyamata wina analemba kuti, "Nanga minda ija?" Tangoganizani, munthu amene sanagwirepo khasu kumudziko akufunsa za minda ya bambo amene amalambula manda a agogo athu chaka ndi chaka, amene maliro akachitika ndi amene amatilandira ife a m'tauni ndi nsima.

Azakhali atauzidwa sanachedwe nazo. Anati, "Ng'ombe zinapita, mwana ndi wathu. Azunguwo analipo pomwe ankakambirana malowolo?" Ena anaseka, koma amenewo ndiwo mwambo wathu. Kwa Angoni, mwana ndi wa nyumba imene inalowola mayi ake.

Ndipo bwanji timathamangira kuganiza za chigololo? Njira zimene dzina limalowera m'nyumba n'zambiri. Zwangendaba anawoloka Zambezi mu November 1835, tsiku limene kadamsana anaphimba dzuwa. Gulu lakelo silinali la magazi amodzi ayi. M'njira linkatenga Athonga, Akaranga, Ansenga, kenako Achewa ndi Atumbuka, ndipo ana ogwidwa pankhondo ankakulira m'nyumba za amene anawagwira. Zidzukulu zawo lero zimavina ingoma ku Hora pa Umthetho, mutu uli m'mwamba, ndipo palibe amazifunsa chiphaso. Bwerani kufupi: alipo amene analembetsa kusukulu ndi dzina la amalume amene ankawalipirira fizi, amene anabwereza Sitandade 8 ndi dzina la munthu wina, amene anapita kumigodi pa Wenela ndi dzina limene kalaliki analemba. Ena dzina loyamba la agogo ndi limene linasanduka la banja lonse. Ndiye a Phiri a ku Nkhata Bay ndi a Phiri a ku Chipata akapanda kufanana, chodabwitsa n'chiyani?

Ngakhale kwa eni ake zoyezazi sizikwana ndendende. M'chaka cha 2000, Bryan Sykes wa ku Oxford anayeza amuna a dzina lake lomwelo, n'kupeza kuti ofanana anali pafupifupi theka lokha. Kumeneko n'kumene mayina akhala akulembedwa m'mabuku a tchalitchi zaka mazanamazana. Nanga ife amene mbiri yathu inasungidwa pakamwa?

Sindikunena kuti musayezetse. N'zokoma kudziwa, ndipo achimwene awiri aja anatsimikiza zimene agogo ankanena zoti abambo awo anali a bambo mmodzi. Koma gwirizanani zinthu zitatu kathonje kasanalowe m'kamwa. Woyezedwayo auzidwe bwinobwino, m'chinenero chake, kuti mzere wake ukhoza kusiyana ndi wa anzake. Zotsatira ayambe kuona ndi iyeyo, osati gulu la anthu 60. Ndipo munene poyera kuti munda, manda ndi ufumu sizidzagawidwa ndi manambala ochokera ku America.

Komanso ndalama imeneyo musanaitumize kunja, gulani shuga ndi sopo, kwerani basi mukakhale pansi ndi azakhali anu akadali moyo. Afunseni kuti agogo anabadwira kuti, analeredwa ndi ndani, dzinali linabwera bwanji. Jambulani mawu awo pafoni. Makina adzakuuzani kuti awa sakufanana ndi awa, basi. Chifukwa chake amachidziwa ndi azakhaliwo.